Mwana wanga akufuna kuweta makoswe, Loweruka tikukatenga, chonde thandizeni maganizo

Nagama_Leeds analemba:

Moni nonse abale. Ndabwera ndi nkhani yoti ena mudabwa nayo koma ndikufunsa ndi mtima wonse, amene mukuzidziwa chonde mundithandize. Ndimakhala ku Leeds kuno ku England, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba nthawi zambiri mashifiti ausiku. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 11, anabwera kuno ali ndi zaka 5 nde zakumudzi amangozimvera mkamwa mwanga basi. Kuyambira chaka chatha wakhala akundichonderera kuti akufuna chiweto. Galu alandilodi anakana, mphaka anakananso akuti aononga kapeti, koma anati tinyama tokhala mu keji alibe nato vuto bola ndiwalembere meseji. Ine mumtima ndimati atchula kalulu kapena mbira poti mbira ndinawetapo ndili mtsikana, mwana akuti ayi amama ine ndikufuna makoswe.

Inetu ndinakulira kumudzi ku Ntcheu, khoswe ndimamudziwa bwino. Usiku umangomva gudugudu kudenga la udzu, m'mawa kupeza sopo wadyedwa, thumba la ufa laboola, ndipo chaka china anatimalizira mbewu ya mtedza imene agogo anasunga mumphika kuti tidzadzale, agogo analira misozi tsiku limenelo sindidzaiwala. Mlongo wanga wamng'ono anadzukapo chidendene chitakukutidwa ali mtulo. Nde mwana atanena zimenezo thupi lonse linandichita nyesi, ndinakana miyezi inayi yathunthu.

Chimene chinandisintha ndi chakuti tsiku lina ndinapita kukamutenga kwa mnzake wa kusukulu amene amaweta awiri. Ndinamupeza mwana wanga atakhala pansi pa kapeti, kakhoswe koyera kamutu wa bulauni katakwera paphewa pake kakumununkhiza kukhutu, iye akuseka mpaka misozi. Mwana ameneyu ndi wofatsa kwambiri, kusukulu ali ndi mnzake mmodzi yekhayo, kunyumba amangokhala phee ndi buku, ndipo ine ndinali nditatha nthawi yaitali ndisanamumve akuseka choncho. Mayi ake a mnzakeyo anandipatsa nsawawa imodzi kuti ndikapatse kakhosweko, ndinatambasula dzanja likunjenjemera, iko kanabwera kulandira ndi timanja tiwiri ngati mwana wolandira kwa akuluakulu, nkukhala tsonga kumadya. Sikanandilume, kafungo koipa sindinakamve. Tili mu basi pobwerera ndinamuuza kuti chabwino. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, mkhate wake pano ndi mtima wa mwana wanga.

Tsopano Loweruka likubwerali ndi tsiku lake lobadwa nde ndinamulonjeza kuti tikatenga. Ndinapita kushopu ina yogulitsa ziweto, mnyamata wogulitsayo anandiuza kuti mmodzi akukwana poyambira, anandionetsa kakeji kakang'ono kotchipa ndi thumba la utuchi, koma mwana akuti anawerenga kuti mmodzi sibwino. Ndani akunena zoona? Nanga titenge aamuna kapena aakazi? Fulati yathu ndi yaing'ono, kodi sinunkha? Matenda nanga, poti ine ndimagwira ntchito ndi okalamba sindikufuna kukawatengera china chake. Amadya chani, nsima yotsala ndingawapatse? Ndipo china chikundisowetsa tulo, amayi anga akubwera kudzacheza mu June, ndiwauza bwanji kuti mdzukulu wawo akugona chipinda chimodzi ndi makoswe ochita kugula ndi ndalama.

Anaphiri_Mcr anayankha:

Asisi musade nkhawa simuli nokha, ine ndili ku Manchester ndipo ndaweta makoswe zaka zinayi tsopano, ndinayambanso chifukwa cha mwana ngati inu nomwe koma pano mwanayo ali ku koleji makoswe ndatsala nawo ndine ndipo sindikudandaula.

Choyamba mwana wanu akunena zoona, wa kushopuyo wakunamizani. Musatenge mmodzi chonde. Khoswe ndi nyama yokhala pagulu, amagona mounjikana, amapesana ubweya, amalimbana mosewera usiku wonse, ndipo nthawi imene iwo amakhala maso kwambiri ndi madzulo ndi mbandakucha pamene mwana wanu ali mtulo inu muli kuntchito. Wokhala yekha amangokhala ndwii pakona, ena amayamba kudzizula ubweya ena kuluma. Tengani awiri, kapena atatu ngati mungathe chifukwa mmodzi akadzafa otsalawo amakhalabe ndi mnzawo. Koma onse akhale aamuna okhaokha kapena aakazi okhaokha, apa ndiye samalani zedi. Kakakazi kamatha kutenga bere kali ndi masabata asanu okha, bere lake ndi masiku 21 mpaka 23, ndipo amaswa ana 8, 10, nthawi zina kuposa 12. Ine awiri anga oyamba ndinagula pashopu ina anandiuza kuti onse ndi aakazi, anali aakazidi koma anawasunga keji imodzi ndi alongo awo, patatha masabata awiri ndikutsegula kanyumba kawo m'mawa ndinangoona tinthu tofiira ngati tizala tikuyendayenda, tonse 11. Ndinavutika kuwapezera makomo. Nde ngati mungathe siyani zashopu, fufuzani kumalo osungira ziweto zosowa eni ngati a RSPCA, kapena kwa oweta amene ali mu bungwe la National Fancy Rat Society, lilipo kuno kuyambira 1976, amenewo amalekanitsa ana nthawi yabwino ndipo amawazoloweza manja a anthu kuyambira ali aang'ono. Kusiyanitsa sikovuta, wamwamuna zida zake zimaonekeratu poyera pansi pa mchira. Mwina Loweruka lomweli sangapezeke, koma kuli bwino pa tsiku lobadwalo mwanayo mumugulire keji aikonze yekha, makoswe abwere pambuyo.

Zoti aamuna kapena aakazi zimatengera mwana wanu. Aamuna ndi akuluakulu, ena amafika theka la kilo ngakhale kuposa, akakula amakhala aulesi amakonda kugona pamiyendo ukuwasisita, koma amadontheza timkodzo pang'ono pang'ono pamene ayenda ndipo kafungo kawo ndi kamphamvuko. Aakazi ndi ochepa thupi, othamangathamanga, sakhazikika, amaphunzira timasewera msanga, koma akamakula ambiri amatuluka zotupa za m'mawere, ndibwereranso pamenepa. Kwa mwana wofatsa ngati mukunenayo ine ndikanasankha aamuna.

Kakeji kamene anakuonetsaniko kasiyeni, mwina ndi ka hamster, kanyama kena koweta kakang'ono ngati mbewa. Makoswe amakonda kukwera nde pamafunika keji yaitali ya mawaya, yanga ndi pafupifupi masentimita 80 mulitali, 50 mulifupi, 80 kupita mmwamba, ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook Marketplace nkuitsuka bwino. Onetsetsani mpata wa pakati pa mawaya usapitirire sentimita imodzi ndi theka, tiana timapyola paliponse pamene mutu wadutsa. Utuchi wamba uja wa paini, makamaka wafumbi, musagule chifukwa umawapweteka m'mapapo, gulani zoyala za mapepala kapena makatoni odulidula. Zina zonse musataye ndalama, ine ndimadula zitenje zakale ndi majuzi otha nkumangirira m'makona ngati kachikuta kolendewera, amagonamo onse mulu umodzi mchira wokha ukulendewera kunja. Makatoni a tiyi, mipukutu ya tishu, zonsezo kwa iwo ndi chuma.

Fungo limakhalapo mukalekerera, koma chodabwitsa nchakuti mukamatsukanso kwambiri tsiku ndi tsiku ndi pamene amakodzera paliponse kuti fungo lawo libwerere. Ine ndimachotsa manyi ndi zakudya zotsala tsiku lililonse, kutsuka keji yonse kamodzi pasabata ndi madzi ofunda ndi viniga pang'ono, nkusiyamo kansalu kamodzi kakale kuti azimva kuti ndi kwawo. Amaphunzira kuchita chimbudzi malo amodzi, mungoika kabeseni pakona, muziponyamo manyi awo masiku oyamba, muikemonso mwala wosalala chifukwa amakonda kukodzera pamwala.

Chakudya chenicheni gulani chopangira makoswe chomwecho, chimalembedwa pathumba, osati cha akalulu. Pamwamba pake muziwapatsa nsawawa, kaloti, burokoli, kadzira kowiritsa mwa apo ndi apo, ngakhale fupa la nkhuku yophika amalikukuta bwinobwino. Nsima kambamu kakang'ono ngati chala sikangawaphe, anga amaikonda kwambiri, koma isakhale ya tsiku lililonse amanenepa msanga. Nyemba zosaphika ayi. Chiponde chokhachokha musawapatse chifukwa chimamata kukhosi ndipo khoswe satha kusanza, ngati mukufuna chisungunuleni ndi madzi. Makoswe aamuna, ambiri mwa ife oweta sitiwapatsa malalanje poopa kuwaononga impso. Mano awo akutsogolo amakula moyo wawo wonse ndipo amakhala achikasu kapena ngati olenji, musaone ngati awola ndi mmene alili, koma ndiye chifukwa chake amatafuna chilichonse. Tsiku lililonse amafunika kutuluka mu keji ola limodzi kapena kuposa, nde musanawatulutse kwezani mawaya onse a magetsi, ine anandidulira machaja a foni atatu ndi waya wa intaneti ndisanaphunzire. Mwana mumuuze asamawanyamule kumchira, khungu lake limatha kusupuka, azilowetsa manja onse awiri pansi pamimba.

Tsopano chimene ndikufuna mumve kwambiri asisi, kuposa zakeji ndi zafungo. Makoswe sakhala moyo wautali. Zaka ziwiri, akapirira ziwiri ndi theka, wofika zitatu ndi nkhalamba yeniyeni. Mwana wanu ali ndi 11, ndiye kuti akamafika 13 kapena 14 adzakhala akulira maliro, ndipo si maliro a masewera chifukwa tinyamati timadziwa dzina lake, timathamangira kuchitseko cha keji tikamva mapazi ako, ukatisisita timakukuta mano mokondwa maso nkumatuluka ndi kulowa ngati akuvina. Wanga woyamba uja, mayi wa ana 11 aja, tinkamutcha Chisomo, ali ndi miyezi 20 ndinamumva kachotupa ngati nzama kukhwapa, pasanathe mwezi kanali ngati dzira. Opaleshoni inandidyera ndalama yoposa mashifiti awiri, anachira, anakhalanso miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lomaliza anali atagona m'chikhatho mwanga wopepuka ngati mpango, akundinyambitabe chala. Mwana wanga sanapite kusukulu tsiku lotsatira, nanenso ndinalira ndili mu tramu anthu akundiyang'ana. Nde kambiranani zimenezi musanatenge, ndipo yambani kuika kandalama pambali mwezi uliwonse ka dokotala, chifukwa khoswe mumagula motchipa koma kuchipatala samutchipitsa ayi.

Malume_aku_Dedza anayankha:

Mwana wanga ine ndine wamkulu nde mundilole ndilankhule mosabisa, sindikukunyozani. Ndawerenga zonsezi mtima wandipweteka. Ine kuno chaka chathachi ndinakolola matumba 18 a chimanga nditagula fetereza wangongole, pofika Disembala matumba atatu anali ataonongeka, pansi ponse madeya ndi manyi a makoswe. Timatchera misampha, timaweta amphaka, timathira mankhwala, nkhondo yake siitha. Ku Nsanje mu 2002 anthu anadwala mliri wobwera ndi nthata za makoswe, si nthano imeneyi. Nde kumva kuti mwana wa kuno kwathu akukatenga ndalama imene waipeza posagona usiku kukagula khoswe, nkumusungiranso ina ya chipatala, pamene kumudzi kuno mwana amadwala malungo kusowa ya thiransipoti, zikundivuta kuzimeza.

Ena anena kuti nanga mbewa bwanji mumadya. Mbewa ndi zina khoswe ndi wina, aliyense wokulira kumudzi amadziwa. Mbewa ndi yakutchire, imadya mbewu ndi mizu kumunda, timakumba nthawi yokolola, timawiritsa ndi mchere nkuyanika, anyamata amagulitsa pamseu wa M1 zili pa timitengo, ndi ndiwo yaulemu. Khoswe ndi wa m'nyumba, amayenda kuchimbudzi ndi kudzala, palibe amene amamuika pamoto ngakhale chaka cha njala anthu amachita kumuzemba.

Komabe mwanena mawu amodzi amene andigwira, akuti mwana anaseka mutatha nthawi musanamumve akuseka. Ana athu amene akukulira kunjako alibe bwalo, alibe asuweni oti azisewera nawo phada kapena chipako madzulo, alibe mbuzi zoti akadyetse. Ife tinakula ndi ziweto pakhomo ndipo ndi zimene zinatiphunzitsa kudzuka m'mawa chifukwa pali china chikudikira iwe kuti chidye. Ngati kumeneko chiweto chololedwa ndi chimenecho, ine sindingakuletseni, koma ndikadakonda mukanayesanso kumunyengerera pa mbira. Za amayi anu, musawabisire mpaka adzafike pakhomo, munthu wamkulu mukamudzidzimutsa amakhumudwa kawiri. Aimbireni foni mwezi uno, afotokozereni bwinobwino chifukwa chake, akalipe ali konkuno mtima udzakhale utatsika pokwera ndege. Ndipo m'chipinda chimene adzagone musadzaikemo kejiyo.

Namwino_wa_ziweto_Joni anayankha:

Ndimagwira ntchito pachipatala cha ziweto kuno ku Johannesburg, makoswe oweta timawaona pafupipafupi nde ndiyankhe mbali ya matenda. Malume akunena zoona pa makoswe akutchire, koma tisiyanitse pang'ono. Amene amavuta kudenga kumudzi kawirikawiri ndi khoswe wakuda uja wamchira wautali kuposa thupi, dzina lake la sayansi Rattus rattus. Oweta aja ndi a mtundu wina wotchedwa Rattus norvegicus, anayamba kuwaweta ku England m'zaka za m'ma 1800, munthu wodziwika pa zimenezi ndi Jack Black amene ankagwira makoswe mu London nthawi ya Mfumukazi Victoria, akapeza amaangamaanga kapena oyera ankawasunga nkumawaswetsa kugulitsa. Mibadwo yambirimbiri yadutsa akubadwira m'manja mwa anthu nchifukwa chake ali ofatsa choncho. Wobadwira m'nyumba alibe nthata ndipo mliri umene malume akunena sangakhale nawo pokhapokha atakumana ndi akutchire.

Koma ndisakunamizeni kuti palibiretu chiopsezo. Alipo matenda atatu oti muwadziwe. Ena amabwera akakuluma kapena kukukanda, munthu amatentha thupi, kuphwanya m'mfundo, kutuluka tizilonda pakhungu patatha masiku atatu mpaka khumi, amachizika ndi penisilini koma ukachedwa ndi oopsa, nde mwana akalumidwa mpaka magazi tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri, akadzatentha thupi masiku otsatira muwauze adokotala mosabisa kuti kunyumba kuli makoswe. Ena ndi leptospirosis, amayenda mumkodzo. Ena ndi kachilombo kotchedwa Seoul hantavirus, kanapezekapo m'makoswe oweta ku Britain konko mu 2013 ndiponso ku America mu 2017, kamagwira impso ndipo munthu amakapuma m'fumbi la zoyala zouma. Si zochitika kawirikawiri, ndipo kupewa kwake ndi komweko, kusamba m'manja mukawagwira, potsuka keji valani magolovesi tsegulani mawindo, musasese zoyala zili zouma ziwazeni madzi kaye, musatsukire mbale zawo mu sinki ya kukhitchini, mwana asamawapsopsone pakamwa. Yunifolomu yanu ya kuntchito izikhala kutali ndi keji, mukatero okalamba anu alibe vuto. Kukanakhala kuti pakhomo pali mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka 5, kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, ndikanati dikirani kaye.

Kunena zoona amene amadwala kwambiri ndi makoswewo eni ake. Pafupifupi onse oweta amakhala ndi kachilombo ka m'mapapo kotchedwa mycoplasma chibadwire, kamangogona, kamadzuka akapanikizika, pakakhala fumbi, utsi wa fodya, perefyumu, zofukiza kapena fungo la mkodzo wokhalitsa. Muzimuika pakhutu ngati foni nkumvetsera, mapapo abwino samveka kanthu, mukamva kulira ngati nkhunda kapena kutetera pitani naye msanga, timawapatsa mankhwala otchedwa doxycycline kapena enrofloxacin. Akafika popuma atayasama kukamwa imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Musanawatenge imbani foni muzipatala za ziweto za pafupi mufunse ngati alipo dokotala wozolowera tinyama ting'onoting'ono, si onse amene amadziwa makoswe. Komanso keji isakhale pawindo lowomba dzuwa kapena pafupi ndi hita, satuluka thukuta ngati ife, kutentha amakutulutsira kumchira ndipo kukatentha kwambiri amakomoka.

China asisi, ku England lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limati chiweto cha mwana wosakwana zaka 16 udindo wake uli pa kholo, nde ngakhale mwana anene kuti ndi zanga, pamaso pa boma ndi zanu, ndipo masiku amene iye watopa kapena ali ndi mayeso wotsuka keji mudzakhala inuyo.

Wa_ku_Angonia anayankha:

Malume ndakumvani ndipo ulemu wanu, nafenso kuno ku Mozambique makoswe amatilanda chakudya chimodzimodzi. Koma ndikuuzeni za bwampini, khoswe wamkulu uja wosunga chakudya m'masaya amene anyamata amakumba kudimba. Nkhondo itatha mu 1992 dziko lathu linatsala ndi mabomba okwirira pansi ambirimbiri, anthu ankaduka miyendo popita kumunda kapena kotunga madzi. Bungwe lina lotchedwa APOPO, limene anayambitsa munthu wa ku Belgium dzina lake Bart Weetjens amene naye ankaweta makoswe ali mnyamata, linayamba kuphunzitsa abwampini ku Morogoro ku Tanzania kuti azinunkhiza wonga wa bomba. Amamuveka kachingwe, amayenda pamzere, akamva fungo amakanda pansi, nkumupatsa nthochi kapena mtedza. Thupi lake ndi lopepuka, kilo imodzi ndi pang'ono, nde bomba siliphulika akaliponda. Anathandiza nawo pantchito imeneyi mpaka mu 2015 pamene boma linalengeza kuti mabomba onse odziwika achotsedwa. Ena anawaphunzitsa kununkhiza makhololo kupeza TB ku Maputo ndi ku Dar es Salaam. Mmodzi wotchedwa Magawa anakagwira ntchito ku Cambodia, anapeza mabomba ndi zophulika zoposa 100, mu 2020 bungwe losamalira ziweto la PDSA la ku Britain konko linamupatsa mendulo ya golide.

Ndikudziwa kuti bwampini ndi mtundu wina si amene mwanayo akufuna, ndipo musamuuze za kuweta bwampini mu fulati chifukwa ameneyo ndi ntchito ina. Koma agogo akadzafika mdzukulu adzawaonetse kanema wa abwampiniwa pa foni, ndi nyama imene akuidziwa kuyambira ali mwana, mwina pamenepo nkhani idzayambika bwino.

Nagama_Leeds anayankha:

Abale zikomo kwambiri nonse, pepani ndachedwa kubwerera ndinali ndi mashifiti otsatizana. Ndinachita monga munanenera Anaphiri, pa tsiku lobadwa tinangogula keji kwa mayi wina ku Bradford, tinabwera nayo pa takisi, mwana anatha Lamulungu lonse akusoka tizikuta ndi chitenje changa chakale cha buluu. Usiku umenewo ndinamukhazika pansi ndinamuuza za zaka ziwiri zija mosabisa, anakhala chete nthawi yaitali kenako anati amama ndikudziwa, wa mnzanga uja mmodzi ali kale ndi chaka ndi theka, ndikufunabe. Tagwirizana kuti pa ndalama yake ya mthumba azichotsa pang'ono sabata iliyonse kuponya mu chitini cha dokotala, nane ndiziponyamo ndikalandira.

Tinawapeza patatha masabata atatu kumalo osungira ziweto zosowa eni, aamuna atatu apachibale a masabata 9, anatifunsa mafunso ambiri mpaka kufuna chithunzi cha keji ndi meseji ya alandilodi. Mwana wawatcha Bonya, Chigumu ndi Kachewere, akuti akufuna maina a kwathu kuti agogo asavutike kutchula. Masiku awiri oyamba ankangobisala, lachitatu Chigumu anatuluka nkulowa m'mkono wa juzi yake nkugona momwemo, mwana anakhala osasuntha dzanja mpaka linachita dzanzi. Ine ndikabwera m'mawa kuchokera kuntchito nyumba ili zii, ndimapeza timphuno titatu tili pa mawaya, Kachewere ndi amene amayamba kulandira. Mchira wokha ndikaukhudza thupi limandichitabe nyesi, ndikuzolowera pang'onopang'ono.

Malume mawu anu sindinawataye. Amayi ndinawaimbira, poyamba anaona ngati ndikunena mbira, atamvetsa anangoti mayo ine nkudula foni. Mawa lake anaimba okha kufunsa ngati mwanayo akudya bwino ndiponso ngati zinthuzo sizilowa kukhitchini, kenako mdzukulu wawo anawalanda nkhani anacheza mphindi 40, zimene sizinachitikepo chifukwa Chichewa chake nchopereweza amachita manyazi. Anawafunsa kuti khoswe wamng'ono amatchedwa chani, agogo nkuyamba kumufotokozera za kapuku ndi mitundu ya mbewa imene ankakumba ali mtsikana. Akuti akubwera ndithu koma asadzawaone pa tebulo. Ndalama imene ndimatumiza kumudzi sindinachepetseko ngakhale pang'ono malume, pamenepo ndinalumbira.

Funso limodzi lachangu, lero m'mawa ndaona Bonya ali ndi tofiira ngati magazi pamphuno ndi pakona pa diso limodzi, ndipo akuyetsemula apo ndi apo. Akudya bwino, akusewera. Mwana sanaone ali kusukulu. Ndithamange naye kuchipatala?

Namwino_wa_ziweto_Joni anayankha:

Si magazi asisi mtima m'malo, ndi madzi ofiira otchedwa porphyrin amene amachokera ku kachiwalo kali kuseri kwa diso, amatsikira kumphuno. Tochepa akangodzuka kapena masiku oyamba pamalo achilendo sizachilendo, kuyetsemulanso kumachitika sabata yoyamba kapena iwiri pozolowera mpweya wa nyumba yatsopano. Mupukuteni ndi kathonje konyowa ndi madzi ofunda, muikeni pakhutu mumvetsere m'mbali zonse ziwiri, ndipo ngati mumathira perefyumu kapena mankhwala onunkhiritsa m'chipindamo siyani. Muyezeni pa sikelo ya kukhitchini lero mulembe, mudzayezenso pakatha masiku atatu, wa msinkhu umenewo ayenera kumakwera osati kutsika. Zofiirazo zikachuluka mpaka kumata diso, kapena mukamva phokoso m'chifuwa, kapena ubweya ukaima nyankhalala iye atakhala yekha pakona osabwera ku chakudya, musadikire mawa, imbani foni tsiku lomwelo ndipo popita mutenge ndi m'bale wake mmodzi mu kabokosi komweko kuti asachite mantha panjira.